Kujambula Kwachi 31

Ku Turku mdima umagwa 3 koloko masana,
pofika 10 koloko usiku umakhala utakalamba kale.
Nsapato zanga zikudontha chipale pakhomo,
manja akununkhabe girizi wa zikepe zomwe ndimakonza.
Ndasamba kawiri. Fungo lakana.

Piyano yanga ilibe zingwe m'mimba.
Ndi pulasitiki wakuda ndi nthambo ziwiri,
ina yopita kukhoma,
ina ku kompyuta yomwe Venla anaisiya popita ku yunivesite.
Ndinaigula kwa mphunzitsi wina wa ku Naantali
amene mapewa anamukana.
Kiyi imodzi yakumanzere imabwerera mochedwa,
ngati munthu woitanidwa ali m'bafa.

Ndavala zomvera m'makutu.
Kanyali kofiira kayaka psuu,
ndipo zala zomwe dzulo zinkadziwa njira
zasanduka alendo.

Fuga imayamba ndi liwu limodzi,
lolowa lokha, lonena kanthu kochepa.
Lisanamalize, lachiwiri labwera
kunena zomwezo lili pamwamba,
osapepesa, osadikira.
Lachitatu lilibe dzanja lakelake.
Zala zamanthu zimapatsirana pakati,
ngati mwana wa banja lotha:
Lolemba kwa uyu, Lachinayi kwa uyo,
kachikwama kumsana.

Amene analemba zimenezi anafa kalekale,
makandulo akadali ntchito.
Sanandidziwe, koma anandikumbira dzenje
pa mzere wachinayi wa tsamba lachiwiri.
Ndagweramo kamakumi atatu.
Pomwepo pensulo yanga inaboola pepala.

Ndikamvetsera zomwe ndajambula ndimadabwa.
Mulibe kupuma kwanga,
mulibe kulira kwa mpando, kapena firiji,
kapena kutukwana kwanga kwa pansipansi.
Nthambo imangotenga manotsi okhaokha,
oyera mbee, ngati anaimba ndi munthu wopanda thupi.
Zotsalazo zimapita kuti?

Lachitatu ndinadziwa.
Pamasitepe ndinakumana ndi Mayi Sinikka Rauhala
a m'nyumba ya pansi panga,
atanyamula thumba la mbatata ndi nyuzipepala.
Zaka zisanu ndi chimodzi takhala tikungogwedezerana mutu.
Anaima, nati:
"Bambo Kettunen, kudenga kwanga kumagunda usiku.
Gu, gugu, gu. Kenako zii.
Nthawi zonse pamalo amodzimodzi."
Ndinayamba kupepesa, nkhope itatentha,
ndinalonjeza kuyala kapeti wokhuthala.
Iwo anapukusa mutu.
"Musayale. Ndimawerenga nanu.
Ndikungofuna kudziwa zomwe zili kuseri kwa zii ameneyo."

Choncho nyimbo yanga inagawika pawiri ine osadziwa:
kompyuta inatenga mawu,
mayi aja anatenga mapazi ake.

Lero ndi kachi 31.
Mtsinje wa Aura waundana, basi yomaliza yadutsa.
Liwu loyamba lalowa. Lachiwiri.
Kamwana kaja kafika ndi kachikwama kake,
chala chamanja chakalandira, chamanzere chakatenga.
Tsamba lachiwiri. Mzere wachitatu.
Mtima uli phaphapha.
Dzenje lija ili pano,
kachala kakumapeto katerereka,
kagunda kiyi yoyandikana nayo,
koma sindinaime.
Ndapitirira wotsimphina, mawu atatu onse ali moyo,
mpaka onse akhala pansi pamodzi
pa noti yomaliza, yaitali,
yomwe magetsi amaizimitsa pang'onopang'ono.

Cholakwikacho chilimo, aliyense adzachimva.
Mawa mwina ndidzachitumiza kwa Venla,
adzayankha ndi kamtima kamodzi ali m'kalasi.
Mwinanso ndidzachifufuta.

Ndavula zomvera m'makutu.
M'nyumba muli zii weniweni.
Kenako pansi pa mapazi anga,
mpini wa tsache kudenga:
gu.
gu.