Bokosi Lopumira

Mnyamata wa m'sitolo, Eemeli dzina lake pachifuwa,
wandiyalira mabokosi anayi pakauntala.
Kunja, mu Tampere, chipale chofewa chikugwa chopingasa,
thiramu ikudutsa monyang'ama ngati ikuopa kudzutsa wina.

Kakompyuta ndakatulutsa m'thumba la jekete
komwe ndinakakulunga m'sokosi yaubweya.
Kamakwana m'chikhatho, ndipo kali maliseche:
timano tagolide panja, timisewu tamkuwa poyera,
mzinda wathunthu wopanda denga.

"Ili ndi la aluminiyamu," akutero.
"Limamwa kutentha konse,
kungoti uthenga umatulukamo movutikira."
Ndalinyamula. Kuzizira kwake kwandilowa m'mafupa a zala.
Ndalibweza.

"Ili lili ndi kafani." Walumikiza waya,
kayamba kulira ng'wii,
udzudzu wa mu Julayi wosadziwa kutopa.
Ritva akanakaphwanya ndi nyuzipepala.

Lachitatu ndi lakuda bii, lotsekeka mbali zonse,
madzi salowa, fumbi silowa, nyerere imabwerera pakhomo.
"Limeneli mukatseka, mwatseka," akunyadira,
"mutha kuiwala kuti muli kanthu."

Sakudziwa mwanayu
kuti chaka chatha, mwezi ngati uno,
bambo wina wa tayi yakuda anandiyaliranso mabokosi.
Thundu kapena paini. Zogwirira zamkuwa kapena zachingwe.
Anandiwerengera mitengo ya mitengoyo monong'ona,
ine n'kumangogwedeza mutu.
Ndinafunafuna ndi maso.
Panalibe ngakhale limodzi lokhala ndi kabowo.

"Kazigwira ntchito yanji?" akufunsa.

Ndikumuuza za kanyumba kagalasi kudimba lathu ku Nekala,
za matimati amene sapirira chisanu cha mu Meyi,
za makope khumi ndi atatu a chikuto chabuluu
momwe mkazi wanga ankalemba kutentha kwa m'mawa uliwonse,
sikisi koloko, khofi ali kumanzere, pensulo kumanja,
seveni wake wokhala ndi lamba m'chiuno.
Tsamba lomaliza linathera pa Lachinayi.
Langali dzanja limanjenjemera, ndipo ndimadzuka mochedwa.
Kameneka kaziwerenga m'malo mwake.
Ndakhala miyezi iwiri ndikukaphunzitsa,
kenanso kakundiphunzitsa ine.

Eemeli wakanda m'khosi.
Wakankhira kwa ine lachinayi, mochita manyazi:
lapulasitiki, loonekera mkati, lotchipa kuposa onse,
pamwamba pali timipata ngati nthiti.
"Limachita zikande," akuchenjeza. "Limayezuka ndi dzuwa.
Chinyontho chizilowa. Fumbi lizilowa."

Lilowe.

Ndikufuna ndikatsegula chitseko chagalasi chija
ndizikaona kanyali kobiriwira kakuphethira,
kakuphethiranso,
ndidziwe osafunsa munthu kuti muli moyo.
Ndikufuna mpweya wa manyowa ndi masamba a matimati
uzilowa mbali iyi, n'kutulukira inayo.
Chikaonongeka, chionongeke chikupuma.

Mayuro asanu ndi awiri. Wandipatsa ndi kathumba ka masikuluwu anayi.

Usiku, patebulo la kukhitchini, magalasi ali pamphuno,
ndamanga yoyamba, yachiwiri, yachitatu.
Yachinayi yandipulumuka, yagubuduka,
yakalowa kunsi kwa firiji
komwe kuli kale batani la malaya ake ndi chipini cha tsitsi.

Sindinagwade.
Ngodya imodzi ya chivindikiro yatsala yokwezuka pang'ono,
malo okwana chikhadabo,
ngati wina mkatimo angafune kusuzumira kunja
kuona ngati chisanu chatha.