Ndikaomba M'manja, Achimwene

Achimwene Twaibu, mavoti awerengedwa,
wailesi yatchula dzina lanu kawiri
ndipo a kabaza aimba mabelu Bangula yense.
Ine sindinavine.
Ndinali pamsika, kupirikitsa ntchentche pa milamba yanga,
mtima uli m'mwamba
ngati wa munthu amene m'bale wake wakwera bwato
Ruo atadzaza.

Mukukumbuka chaka chija madzi anameza Makhanga?
Tinagona m'kalasi mothithikana,
mbuzi pakhonde, malemu bambo atatsamira bolodi.
Ufa utabwera, mwamuna wa cholembera uja
anayamba ndi mayina a kuchimuna kwake,
kenako a kwa mkazi wake,
inki n'kuthera pomwepo.
Bambo sanatukwane.
Anangoti: cholemberacho wachita kubwereka,
Mwini wake adzafuna kuona tsamba lililonse.
Imeneyo ndiyo amana, anatero,
katundu wokusungitsa,
njinga ya mlendo imene sukwera
ngakhale dzuwa likuotche ku mapazi.

Lero cholembera chili m'thumba la malaya anu.

Ndamva kale ena akuti bwana khansala.
Ndamuonanso Jofilisi wa golosale
akukoka mbuzi yakuda, chingwe chatsopano,
mano onse pamtunda.
Mbuzi imeneyo, ngakhale Shehe aizinge okha,
mpeni wonola, mutu atalozetsa ku kibula,
siidzakhala halali,
pakuti yabwera kudzagula malo a mjigo.
Mjigowo ndi wa mai Nyakhuwa a ku Katolika,
ndi wa Fombe wothira nsembe ku Khulubvi,
ndi wathunso.
Ludzu la Okutobala m'chigwa muno
silifunsa kumene munthu amagwada.

Musanakhome chikhomo, funsani.
Osati kufunsa kwa pamsonkhano
yankho mutalipinda kale m'chikwama.
Khalani pansi pa nimu, thukuta litsike,
alankhule msodzi, alankhule wolima thonje
amene sikelo inamubera chaka chatha,
alankhule ndi wachibwibwi yemwe, mumudikire amalize.
Kumadrasa ankati shura.
Ine ndimati kutafuna musanameze.

Lachisanu mudzavula nsapato pakhomo la mzikiti
ndipo zidzasokonekera ndi mapatapata a anthu wamba.
Phewa lanu lidzagunda la wodula nzimbe,
chipumi chanu pamkeka womwewo.
Mudzayang'ane amene waima kutsogolo.
Sanadziike yekha.
Akawerama tiwerama, akadzuka tidzuka,
osamutsogolera, osatsalira,
poti mzere wopanda wotsogolera ndi msika.
Koma tsiku lina amaiwala,
amadzuka pofunika kukhala,
ndiye amuna kumbuyo amayeretsa dzina la Allah mokweza,
ife akazi kuseri kwa nsalu
timaomba m'manja.
Iye satembenuka kuti aone waomba ndani.
Satuma anyamata.
Amakonza, nagwada kawiri chifukwa cha kuiwalako,
swala n'kutha bwino.

Boma lonse limene ndimalidziwa ndi limenelo.
Zina za m'mabuku a ku Lilongwe muwerenga nokha.

Sindikuti musadye.
Malipiro anu ndi anu, mugulire Mwanaisha nsapato za sukulu.
Koma malata a chipatala asamere padenga panu,
pakuti pa Kiyama sipadzakhala wokuyankhirani,
ngakhale chipani, ngakhale ine,
ndipo dzanja lanu lomwelo lidzanena zimene linasaina.

Tsono mukadzabwera pa galimoto ya fumbi,
amayi a nsalu zofanana akuimba dzina lanu,
m'manja muli wawawa ngati mvula pa malata,
mudzatchere khutu.
Chakumbuyo, pafupi ndi ogulitsa madzi ozizira,
kudzamveka kuomba kwina,
kouma, kawiri kokha,
zala pamsana pa dzanja lonunkha utsi wa nsomba.

Ndidzakhala ine, Asiyatu, mlongo wanu.
Musadzamwetulire.
Mwalumpha penapake, achimwene.
Bwererani.