Chala cha Che Twaibu

Isanakhale laibulale inali nkhokwe ya thonje,
n'chifukwa chake mawindo ali m'mwamba chonchi:
mphepo ya mu Shire ilowe, wakuba asalowe.
Sikelo anaichotsa kalekale. Mbedza yake ikadali pamtanda wa denga
pomwe mileme imagona masana.

Khondeli linabwera pambuyo.
Amene anaumba njerwa zake ndi bambo anga, Che Twaibu,
kuseri kwa msika, chaka chomwe madzi analekeza m'mawondo.
Kulemba sankadziwa.
Polandira malipiro ankadinda chala.

Mzere wachinayi kuchokera pansi, kumanzere kwa chitseko,
pali njerwa ina ya kadzenje.
Chala chomwecho. Chinaterereka dothi lisanaume.

Abiti Mpaweni amadinda madeti m'mabuku,
amapirikitsa chiswe ndi oilo wakutha,
ndipo amandifunsa chomwe ndimaweramira pakhomo tsiku lililonse.
Ndimati chingwe cha nsapato chamasuka.

Mkatimu muli mayina zikwizikwi pamisana ya mabuku,
ena a golide, ena ofufutika ndi thukuta la Okutobala.
La bambo mulibe.

Ndimapisa chala changa m'kadzenjemo,
chimachepa,
kenaka n'kulowa kukawerenga.