Mabuku a Mlonda

Bwerani kuno, a Zuze, tulani chikwamacho.
Maso anu afiira ngati mwasenda anyezi,
chonsecho ndi tulo ta pageti.
Usiku wa ku Sandton ndi wautali, ndikudziwa,
makamaka Juni akayamba kuluma makutu,
galu wa abwana atagona pofunda kuposa inu.

Afika dzulo atsopano, m'katoni ya nthochi.
Ena akadanunkha inki.

Lachikuto chofiirali tengani.
Muli mayi wosambitsa mitembo ku mochale,
amene tsiku lina apeza kiyi wa nyumba yake yomwe
m'thumba la malemu wosadziwika dzina.
Ndilekere pomwepo.
Ine ndinapsereza nyemba ndili pakati pa nkhani,
mpaka landilodi anagogoda, ati nyumba ikupsa.

Lakudali, lolemera ngati njerwa,
ndi la wapolisi wopuma ntchito, wodwala shuga,
woiwala mayina a zidzukulu zake
koma wosaiwala nambala ya galimoto
imene inamudutsa zaka makumi awiri zapitazo.
Limayamba mwaulesi, ndisakunamizeni,
ngati basi yodikira zidindo pa Beitbridge.
Lipirireni. Likanyamuka, gwirani mpando.

Lachikasulo lisiyeni.
Wakupha ndinamudziwa pa tsamba lachitatu:
mlendo, wopanda mapepala, wa lilime lokhota.
Akasowa chigawenga amangotola ife.
Ndalitsitsa mtengo kawiri,
mawa ndiyatsira mbaula.

Kaonde aka musakaderere.
Nangondo, uja amalera ana ku Mayfair,
anakayamba mu takisi pa Bree,
n'kudzadzidzimuka ali ku Bara,
ndalama yobwererera alibe.
Anabwera akunditukwana, kuseka kuli pakamwa,
n'kufunsa ngati wolemba wake ali ndi lina.
Ndi nkhani ya mlembi wa tchalitchi, chopereka chosowa,
ndi kwaya yonse yodziwa kanthu koma yongoyimba.

Mukundiyang'ana.
Mukuti, mzinda uno mfuti zimalira ngati mbuliwuli m'chiwaya,
ndiye tigulenso imfa ya papepala?

Imvani.
Mng'ono wanga Tsalani anamutola m'mbali mwa njanji ku Jeppe,
nsapato atamuvula, foni palibe.
Ndinapita kupolisi kasanu ndi kawiri.
Ulendo womaliza anati faelo yasowa,
wina akutafuna chipisi, osadzutsa n'komwe mutu.
Tinasonkha, tinamukweza pa ngolo ya kuseri kwa basi,
anakafika ku Balaka ngati katundu.
Mpaka lero palibe anafunsapo kuti anali ndi yani usiku umenewo.

Koma umu, a Zuze, m'mapepala otchipawa,
mumapezeka munthu wofunsa.
Wouma mutu, wangongole, banja linatha,
koma amatha nsapato chifukwa cha wakufa wosamudziwa.
Amagogoda khomo ndi khomo.
Amabwereranso ngakhale amuthire madzi.
Ndipo pa tsamba lomaliza
dzina limatchulidwa.
Mwina ndi bodza, inde,
koma ndi bodza limene limandigonetsa tulo.

Awiri ndi fifite randi. Kachitatuko ndi basera,
poti ndinu wakwathu.
Mukamaliza bweretsani, tisinthana ndi teni yokha.
Osapinda makona a masamba, ikani tikiti ya sitima.
Osanyowetsa chala ndi malovu.
Osasuzumira kumapeto,
kumeneko n'kuba m'munda mwako momwe.

Taonani, a Metro aja akhota pa De Villiers.
Gwirani uko tebulo, ine ndigwire kuno,
tiime kaye kuseri kwa ogulitsa mabulangete.
Musathamange, amakonda wothamanga.

Chinanso ndisanaiwale.
Usiku uno, nkhani ikafika pokoma,
mayi uja akamalowetsa kiyi pachitseko,
mtima uli phaphapha,
dzutsani mutu pang'ono, muunike tochi kumpanda.
Wa m'buku adikira, sathawa.
Ndikufuna Lolemba mudzabwere ndi miyendo yanu
mudzandiuze amene mumamuganizira.