Lachinayi Tidzatseka

Kalata ya khonsolo idafika Lolemba,
yopindidwa katatu, yaulemu ngati uthenga wa maliro:
mgodi wa chitsulo udatsekedwa, misonkho idautsatira,
choncho sankhani nokha tsiku loti laibulale izigona.

Ine Arlene Koskela,
zaka makumi awiri ndi zitatu ndikudinda mabuku
m'katauni kano ka kumpoto kwa Minnesota,
kumene chipale chofewa chimakwirira galimoto mpaka m'magalasi,
akuti ndidule chala chimodzi,
ndisankhe ndekha chimene sichipweteka.

Lolemba ndi la makanda ndi amayi awo
pa kapeti yofiira yothothoka pakati.
Lachiwiri ndi la oluka majuzi,
amayi amasiye asanu ndi bambo mmodzi, Orville,
amene mkazi wake adamsiyira ulusi wodzaza katoni,
ndipo walumbira kuti safa asanaumalize.
Lachitatu Hodan Warsame amachokera ku fakitale ya nkhukundembo,
zala zitatupa ndi kuzizira,
kudzalimbana ndi mafunso a mayeso a unzika.
Tsiku lina adandifunsa kuti ufulu wosonkhana nchiyani.
Ndidangomulozera matebulo athu.

Fomu ya khonsolo ili ndi timabokosi:
anthu angati, mabuku angati, madola angati pamutu.
Palibe kabokosi ka mnyamata wa kwa Pruszynski
amene amakhala pafupi ndi chotenthetsera mpaka ndizimitse magetsi,
buku lili chozondoka m'manja,
poti kwawo adawadulira gasi mu Novembala.
Kodi ameneyu ndi wowerenga?
Ndamulemba choncho.

Usiku wa msonkhano, mu holo ya ozimitsa moto,
mipando yachitsulo ikulira kwekwerere,
Dell Gunderholt adaimirira, chipewa m'manja:
"Misewu yangokhala maenje, ambulansi yakalamba,
ndipo mabuku aliyense ali nawo pa foni."
Sadaname.
Ambulansi yomweyo idazima pamlatho itanyamula mayi anga.

Lilime lidandiyabwa, koma ndidaliluma.
Sindidanene za Lachisanu madzulo, anthu atachepa,
pamene iye amabwera ndi makalata a kuchipatala
kuti ndimuwerengere, ati waiwala magalasi.
Zaka zinayi akuiwala magalasi omwewo.
Chinsinsi cha munthu si ndalama yogulira voti.

Manja anayi adakwera, atatu adatsala pamiyendo.
Tidataya Lachinayi,
tsiku la ofuna ntchito ndi makompyuta atatu,
imodzi mwa iwo yokana kulemba chilembo cha e.
Tidataya theka la malipiro a Junie wondithandiza,
amene adamwetulira nanena kuti palibe kanthu,
kenako adapita kukalira pakati pa mabuku a zaulimi.
Oluka majuzi adagulitsa makeke pakhomo la tchalitchi,
adapeza madola mazana atatu ndi khumi ndi awiri.
Denga lokha likufuna zikwi zisanu ndi zinayi.

Lero ndi Lachinayi loyamba.
Ndabwera ndithu, poti chidebe cha pansi pa denga lodontha
sichidawerenge kalata ya khonsolo.
Ndapeza masitepe atakokoledwa chipale, mchere utawazidwa,
fosholo ya Dell itatsamira khoma, mwini wake palibe.
Sindidziwa ngati nkupepesa
kapena ndi manja ozolowera chabe.

Pakhomo paima mnyamata uja,
makutu ofiira psuu, akuwerenga chikwangwani changa
pang'onopang'ono, milomo ikugwedera.
"Mwatseka," akutero.
"Tatseka," ndikuvomera, kiyi ili kale pachitseko.
"Koma chidebe chalemera, msana wanga ndi wakale,
ndipo madzi amadontha tsiku lonse.
Pafunika munthu wochiyang'anira."

Walowa, wakungunthira nsapato pa kapeti ya makanda.
Magetsi sindiyatsa, angaone a khonsolo.
Ndayatsa chotenthetsera chokha,
ndipo m'kachisisira ka mashelefu
tikumvera dontho, dontho, dontho,
iye atatsegula buku la mapu a nyanja zakutali,
ulendo uno mutu uli kumwamba.