Dili wa M'chidebe cha Penti

Tsiku lomwe Mayi Stavrou ankasamuka ku Rosettenville
anandipatsa njere mu envulopu ya bilu ya magetsi.
"Uyu ndi dili. Fesa pomwe ukufuna akhale,
sakonda kuokeredwa."
Ndinaseka. Akuuza ine,
amene ndinazulidwa ku Mponela?

Ndinaboola chidebe cha penti ndi msomali,
dothi ndinachita kupempha kwa mlonda wa papaki.
Masabata awiri, zii.
Kenaka timasamba ngati nthenga za mwanapiye,
tobiriwira, tamanyazi.

Matalala a Novembala anamugwetsa chagada.
Ndinamuimika ndi waya woyanikira zovala,
uku ndikumukalipira ngati mwana wanga.

Tsopano ndimatsina nsonga m'mamawa
matakisi asanayambe kuliza mahutala,
ndiwaze pa mbatatesi, pa nkhaka,
pa nsomba zam'chitini za kumapeto kwa mwezi.
Mlamu wanga Gelesomu akuti ndiwo zikumveka mankhwala,
koma mbale amaikombeza ndi chala.

Maluwa achikasu atambasuka ngati maambulera.
Akauma ndidzawagwedezera papepala.
Envulopu ija ndinasunga.
Lendi akwezanso,
ndipo sindikudziwa kuti chaka chamawa
ndidzafesa khonde la yani.