Chilembo Chachitatu

Ku Chongqing misewu imakwera masitepe,
ndipo ine Duan Shibo ndimakwera nayo,
bokosi la zakudya za eni lili kumsana,
foni nditaimangirira pa chiwongolero cha njinga yamoto.

Ndimalemba ndi chala chachikulu chokha.
Zinayi zinazo zinasanduka mpando wa foni.
Pa loboti yofiira, mzere umodzi.
M'chikepe chopita pa nsanjika ya makumi atatu, mizere iwiri,
itatu ngati wina wagwira chitseko.
Ndakatulo zanga n'zazifupi
chifukwa maloboti a kuno sachedwa kusintha.

Ndimangogogoda kamvekedwe ka liwu,
foni n'kundiyalira zilembo zake
ngati wogulitsa nsomba pa benchi: sankhani, bwana.
Ndimasankha.
Nthawi zina imandisankhira ndisanadziwe n'komwe
chomwe chili kukhosi kwanga,
ndipo ndimangovomera, poti msuzi wa mwini ukuzizira.

Lachinayi lapitali mayi anaterereka m'bafa.
Foni inandithimira pa mlatho wa Jialing, m'nkhungu.
Kuchipatala namwino anandikankhira pepala
ndi cholembera cha pa kachingwe:
lembani dzina la wodwala.

Chilembo choyamba chinabwera chokha, n'cha mtundu wawo.
Chachiwiri chinatsimphina, koma chinafika.
Chachitatu, zii.

Ndimachidziwa ngati nkhope ya mnzanga wa kusukulu.
Pakati pa zilembo chikwi ndingachiloze ndili m'tulo.
Koma chimayambira pati?
Kadontho kali pamwamba kapena pambali?
Dzanja linangoima m'malere
ngati mlendo amene waodira pakhomo
n'kuiwala yemwe wadzamuona.
Kumbuyo kwanga wina anatsokomola dala.

Mayi, omwe sukulu anailekeza chaka chachitatu
n'kukapeta mpunga wa anthu,
anandikodola ali pa machira.
Sanafunse kanthu.
Anatambasula chikhatho changa,
chija chachita zikang'a ndi chiwongolero,
n'kuyamba kulembapo ndi chikhadabo,
pang'onopang'ono,
mzere, mzere, kokhota, kadontho.
Chala chawo chinali chozizira, chikununkha sopo.
Atamaliza anapinda zala zanga
monga ankachitira pondipatsa ndalama ya basi.

Ndinayenda nditafumbata mpaka pa tebulo la namwino,
kuopa kutaya.

Usiku m'khonde la chipatala ndinapeza pobayira moto.
Foni itadzuka ndinagogoda kawiri kokha,
dzina lonse n'kutulukira, losalala, lopanda thukuta.
Zaka zonsezi imandisungira bwinobwino
ngati banki yomwe yatseka tsiku la maliro.

Sindinaitaye ayi. Mawa kuli ntchito,
ndipo izi mukuwerengazi zalembedwa ndi chala chomwecho.
Kungoti tsopano kuseri kwa malisiti a makasitomala
kumapezeka chilembo chimodzi chopotoka,
chobwerezedwa kasanu, kasanu ndi kamodzi.
Wina wa pa nsanjika ya khumi ndi chiwiri wadandaula kale.
Wandipatsa nyenyezi zitatu.